Trebuchet yamatabwa yolumikiza wekha: ndi yabwino, koma mtunda uli pa kamsomali

Mwa zipangizo zophunzitsira sayansi zimene zimabwera zili timatabwa todulidwa kale kuti wogula alumikize yekha, trebuchet yaing'ono ya patebulo ndi imodzi mwa zochepa zimene munthu sadandaula nazo ndalama yake. Iguleni ngati mukufuna kumvetsa chimene chimafikitsa patali chinthu choponyedwa. Koma musayembekeze kuti mukangomata guluu womaliza iyamba kufika mtunda wolembedwa pabokosi. Momwe imachokera m'bokosimo, mphamvu yake yambiri imathera m'njira, ndipo kapepala ka malangizo sikakuuzani kumene ikuthera.

Amene anazolowera legeni aiwale kaye za mphira. Trebuchet ilibe chotamuka chilichonse. Ndi mkono wa thabwa wozungulira pa ekiselo; mbali yaifupi kwapachikidwa cholemera, mbali yaitali kwamangidwa gulaye, kathumba ka zingwe ziwiri kokhala ndi kampira mkati. Cholemera chikagwa, mkono umadzuka, gulaye amazungulira, chingwe chimodzi chimapulumuka pa kamsomali ka kunsonga kwa mkono, kampira nkuuluka. Makina oponya miyala pokokedwa ndi anthu anayambira ku China zaka mazana angapo Yesu asanabadwe, ndipo ogwiritsa ntchito cholemera anadzafala m'mayiko ozungulira nyanja ya Mediterranean m'zaka za m'ma 1100. Ndi amenewa amene anathandiza asilikali a Kublai Khan, mfumu ya Amongo, kugonjetsa mzinda wa Xiangyang ku China mu 1273, ndiponso amene Edward I wa ku England anaimika kunja kwa linga la Stirling ku Scotland mu 1304.

Seti imene tikuunikayi ndi ya kukula kofala: mkono wa masentimita 40, miyendo iwiri yonyamula ekiselo pamtunda wa masentimita pafupifupi 24, bokosi lolendewera loikamo cholemera, ngalande yotsetserekamo kathumba, mawilo anayi, chingwe, kansalu, kamphete, kamsomali ndi timipira tathabwa. Pamkono pali mabowo atatu a ekiselo, ndipo apa ndiye pagona ubwino waukulu wa seti imeneyi. Tibwereranso pamenepa. Cholemera chenichenicho mulibe m'bokosi, mufune nokha. Guluu, sandipepa ndi pulayala nazonso ndi zanu.

Kulumikiza si kovuta, timatabwa timalowana bwino. Chofunika kusamala ndi chimodzi: miyendo iwiri ija iime chilili ndipo mabowo ake ayang'anizane. Lowetsani ekiselo m'mabowo onse awiri guluu asanagwire, yesani ngati ikuzungulira momasuka, kenaka panani ndi kusiya maola 24. Opupuluma amene amayamba kuponya patangotha ola limodzi amatsala ndi miyendo yopendekeka pang'ono, mkono nkumakhula mwendo umodzi nthawi zonse, kampira nkumakhotera mbali imodzimodziyo mpaka kalekale. Vuto limeneli silikonzeka popanda kumatula.

Tsopano masamu ake, poti ndiwo amene amaweruza ngati makinawa akugwira ntchito kapena akungogwedezeka.

Kampira kakachoka m'kathumba palibenso chokakankha. Katsala ndi liwiro limene kachoka nalo ndi mphamvu ya dziko yokakokera pansi, imene imawonjezera liwiro logwera pansi ndi mamita 9.8 pa sekondi, sekondi iliyonse. Galileo anasonyeza mu 1638 kuti njira ya chinthu chotere imapanga uta wa parabola. Ngati kanyamukira ndi kugwera pamalo ofanana kutalika, ndipo mpweya sitikuuwerengera, mtunda wake ndi R = v² × sin 2θ ÷ g. Apa v ndi liwiro lonyamukira, θ ndi madigiri a kupendekeka kwa njira yonyamukira kuchokera pansi, g ndi 9.8 uja. Taonani kuti liwiro likuchulukitsidwa ndi lokha. Mukaliwonjezera kawiri, mtunda ukula kanayi. Kampira konyamuka pa mamita 7 pa sekondi kafika mamita 5. Ka mamita 14 pa sekondi kafika mamita 20.

Aliyense amadziwa zoti madigiri 45 ndiwo amafikitsa patali, ndipo Niccolò Tartaglia analemba kale zimenezi mu 1537 pokamba za mizinga. Chimene ambiri sadziwa ndi chakuti kuphonya pang'ono 45 sikuwononga kanthu. Pa madigiri 40 mumataya masentimita osakwana awiri pa mita iliyonse. Pa 35 mumataya masentimita 6 pa mita. Kutaya kwenikweni kumayamba mukafika pa 30 kapena 60, pamene mtunda umatsika kufika pa 87 peresenti, ndipo pa 15 kapena 75 mwatsala ndi theka lokha. Komanso trebuchet imamasula kampira m'mwamba, mkono utaima, osati pansi. Kwa makina aang'ono ngati awa zimenezi zimatsitsa madigiri abwino kufika pa 43 kapena pamenepo, ndipo mpweya umawatsitsanso. Choncho chilichonse cha pakati pa 38 ndi 45 chili bwino. Musataye tsiku lonse kusaka digiri imodzi.

Nanga liwirolo likuchokera kuti? Ku kugwa kwa cholemera basi. Mphamvu yosungidwa m'cholemera ndi kulemera kwake M, kuchulukitsa ndi g, kuchulukitsa ndi mtunda h umene chigwe. Ekiselo ikakhala pabowo lapakati, mbali yaifupi ya mkono ndi masentimita 8, ndipo cholemera chimatsika masentimita pafupifupi 14. Mukaika kilogalamu imodzi m'bokosi muli ndi majoule 1.37 (joule ndi muyeso wa mphamvu). Ndi ochepa zedi, ndipo ndi okhawo amene muli nawo. Tiyerekeze kuti onse alowa m'kampira ka magalamu 10. Mukaphatikiza masamu awiriwa mupeza kuti mtunda wotalikitsitsa ndi 2 × (M ÷ m) × h, pamene m ndi kulemera kwa kampira. Ndiye kuti 2 × 100 × 0.14, mamita 28. Palibe trebuchet ya kukula uku, yonyamula zolemera izi, imene ingadutse pamenepo, ngakhale itapangidwa ndi mmisiri wotani.

Chodabwitsa m'masamu amenewa ndi choti g wasowa. Trebuchet yomweyi mutapita nayo kumwezi, kumene mphamvu yokokera pansi ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 6 a kuno, ingaponye mtunda womwewo, kungoti mwaulesi. Cholemera chingagwe mofooka, koma kampiranso kangachedwe kugwa, ziwirizo nkufafanizana. Legeni ndiye ingapindule kumeneko, poti mphira sasamala za mwezi.

Mamita 28 aja ndi denga. Ntchito yanu ndi kuona kuti mwayandikira bwanji. Yezani mtunda weniweni ndi tepi, mugawe ndi 28. Mamita 9 ndiye kuti gawo limodzi mwa atatu la mphamvu lafika ku kampira. Mamita 14 ndi theka. Nambala imeneyi ndi yothandiza kuposa ya pabokosi, chifukwa ya pabokosi sinena kuti anaika cholemera chotani, kampira kotani, ndipo anayeza pamene kanagwera koyamba kapena pamene kanakaima katagubuduzika. Yezani pogwera koyamba nthawi zonse. Mchenga wosalazidwa kapena pepala lowazidwa ufa limasonyeza bwino malowo.

Mphamvu yotsalayo imapita kuti? Mbali yaikulu imatsala mu mkono ndi m'cholemera. Yang'anani makinawa kampira katapita: ngati mkono ukupitirira kugwedezeka uku ndi uku mwamphamvu, bokosi nkumadzimenya pamiyendo, imeneyo ndi mphamvu imene inayenera kukhala m'kampira. Trebuchet yokonzedwa bwino imaoneka ngati yazizira panthawi yomasula. Mkono umachita ngati waima kaye uli chilili, gulaye yekha ndiye akuthamanga, ndipo pambuyo pake makina amangogwedera pang'ono. Limeneli ndiye yeso losavuta kuposa onse, ndipo silifuna chipangizo.

Apa mpamene gulaye amaonetsa phindu lake. Mkono wozungulira umadya mphamvu ngati kuti gawo limodzi mwa atatu la kulemera kwake launjikana kunsonga. Mbali yaitali ya mkono ikalemera magalamu 30, zili ngati mwamangirira magalamu 10 kunsongako, ofanana ndi kampira komwe. Pa makina a supuni, amene kampira kamakhala m'kambale kunsonga kwa mkono, kampira ndi nsonga zimathamanga liwiro limodzi, ndiye kuti zimagawana mphamvu pakati ndi pakati, zina zotayika tisanaziwerengere nkomwe. Gulaye amasintha nkhani. Amalola kampira kuthamanga kuposa nsonga ya mkono, ndipo pozungulira amakoka mkonowo mobweza nkuulanda liwiro lake. Nchifukwa chake timaika trebuchet patsogolo pa maseti a supuni ndi mphira, ngakhale awo ali osavuta kulumikiza.

Mkono wa seti imeneyi ndi wonenepa mofanana kuyambira kumutu mpaka kumchira, ndipo kumeneko ndi kulakwitsa kwa opanga. Thabwa limafunika lolimba pafupi ndi ekiselo, pamene limapindidwa kwambiri, osati kunsonga. Palani ndi sandipepa theka lakunja la mbali yaitali kuti lizionda polowera kunsonga, koma musiye nyama yokwanira pamene palowe kamsomali. Magalamu asanu ochotsedwa kunsonga amapindulitsa kuposa magalamu makumi awiri ochotsedwa pafupi ndi ekiselo.

Ekiselo ndi kamtengo kozungulira kolowa m'bowo la thabwa, thabwa kukhulana ndi thabwa. Ipaleni ndi sandipepa wosalala kenaka muipake kandulo. Mafuta ayi: amangolowa m'thabwa. Ikani washa mbali iliyonse ya mkono kuti usamakhudze miyendo. Mukaupachika wopanda cholemera nkuukankha pang'ono, uyenera kugwedezeka kangapo usanaime. Ukaima nthawi yomweyo, pali pamene ukugwira.

Za cholemera, bokosi lake mkati ndi masentimita 6 m'litali, 6 m'lifupi ndi 7 kuya, malo okwana makiyubiki sentimita 252. Mchenga wouma ukadzaza mmenemo sufika theka la kilogalamu, ungokwana magalamu pafupifupi 400. Manati ndi mawasha achitsulo opakidwa bwino ndiwo amayandikira kilogalamu. Izi kapepala sikanena, ndipo ambiri amathira mchenga nkudabwa kuti makina awo ndi aulesi. Lamulo la amisiri a zinthuzi ndi loti cholemera chipose kampira maulendo 100 kapena kupitirira pang'ono. Tsekani mipata ndi kansalu kuti zitsulo zisamaseweremo, ndipo onjezani guluu pansi pa bokosi, chifukwa pamenepo mpamene pamayamba kung'aluka. Cholemera chikafika pansi pa ulendo wake chimakoka mwamphamvu kuposa kulemera kwake chili phee.

Wina anganene kuti bwanji osangochepetsa kampira, poti masamu akuti kampira ka magalamu 5 denga lake ndi mamita 56. Denga limakweradi, koma simulifika. Mkono sunapepuke, ndiye gawo lake la mphamvu limakula pamene la kampira likuchepa. Kenaka mpweya umalowererapo. Kampira ka tenisi ya patebulo kamalemera magalamu 2.7 ndipo ndi kotambalala mamilimita 40. Pa liwiro la mamita 10 pa sekondi mpweya umakabweza ndi mphamvu yoposa kulemera kwake komwe, motero kamanyamuka mwaukali, nkuzizira m'malere, nkugwa ngati tsamba. Kampira kagalasi ka mamilimita 16 kamalemera magalamu 5 ndi pang'ono, ndipo pa liwiro lomwelo mpweya umakabweza ndi gawo limodzi lokha mwa magawo 9 a kulemera kwake. Timipira tathabwa tobwera ndi setiyi tili pakati pa ziwirizi. Ndi tabwino kwa ana popeza sitipweteka kwambiri, koma sitilemera mofanana, choncho tiyezeni pa sikelo ndi kusankha kamodzi kogwiritsa ntchito pa mayeso onse. Dongo loumbira zidole ndi labwinonso: mumaumba kulemera kumene mukufuna, ndipo likagwa silidumpha.

Tifike pa kamsomali, pamene pamathera chipiriro cha anthu ambiri. Chingwe chimodzi cha gulaye chimamangidwa kunsonga kwa mkono mpaka kalekale. Chinacho chili ndi kamphete kongokoleka pa kamsomali. Gulaye akamazungulira, imafika nthawi imene chingwe chimaloza kumene kamsomali kaloza, kamphete nkupulumuka, kathumba nkutseguka. Nthawi imeneyo ndiyo imasankha madigiri onyamukira, ndipo zonse zimachitika m'kanthawi kochepa kuposa kuphethira. Kampira kakakwera kwambiri nkugwera pafupi, kapena kakapita kumbuyo, ndiye kuti kamasuka msanga: pindani kamsomali ndi pulayala kaweramire kutsogolo, kumene mukuponyera. Kakathamanga chapansipansi kapena kumenya pansi patsogolo pa makina, kachedwa: kawongoleni kayandikire mzere wa mkono. Pindani pang'onopang'ono, madigiri osapitirira 5 nthawi imodzi, ndipo ponyani kasanu musanapindenso. Asilikali a Hernán Cortés wa ku Spain anaphunzira izi mowawa pa mzinda wa Tenochtitlan ku Mexico mu 1521, pamene makina amene anamanga atachepekedwa wonga anaponya mwala m'mwamba molunjika, mwalawo nkubwerera pomwepo.

Kamsomali ka m'bokosi ndi kofewa. Kupinda nkosavuta, koma kamawongoka kokha pang'onopang'ono cholemera chikafika kilogalamu, ndipo mumangoona mtunda ukusintha popanda chimene mwakhudza. Kumutu kwake kumakhalanso kokakala pamene anadulira, moti kamphete kamakodwa nthawi zina. Sinthani ndi msomali wachitsulo wodulidwa mutu, wopalidwa mpaka chala chisamve kukanda, wotuluka masentimita 1.5 kapena pamenepo. Pa zonse zimene mungasinthe pa makinawa, ichi ndicho chotsika mtengo ndiponso chopindulitsa kwambiri.

Chingwe nacho chimatamuka ndipo mfundo zake zimasolola. Gulaye akatalika amachedwa kumasula, akafupika amafulumira, ndiye chingwe chotamuka chimasokoneza zimene mwakonza pa kamsomali. Pezani chingwe cholukidwa chosatamuka, ndipo mfundo iliyonse muidontheze guluu mukakhutira ndi kutalika kwake. Poyambira pabwino ndi gulaye wotalika mofanana ndi mbali yaitali ya mkono, masentimita 32 kuchokera kunsonga kufika pakati pa kathumba. Zingwe ziwirizo zifanane kamphete katakolekedwa. Chimodzi chikafupika kampira kamagwa m'mbali kasananyamuke. Kansalu ka kathumba ndi kakakulu mopitirira, kamakumbatira kampira nkukana kukasiya. Kadulenipo kuti kaphimbe theka la kampira basi.

Mabowo atatu aja amapereka mkono wa 3 kwa 1, 4 kwa 1 ndi 5 kwa 1, poyerekeza mbali yaitali ndi yaifupi. Pa 3 kwa 1 mbali yaifupi ndi masentimita 10, cholemera chimagwa mtunda wautali, mphamvu yosungidwa ndi yambiri, ndipo pamayenera kampira kolemera kapena cholemera chochepa. Pa 5 kwa 1 nsonga imathamanga kwambiri poyerekeza ndi cholemera, koma cholemeracho chimagwa pang'ono ndipo chimavutika kudzutsa mkono ngati sichili chokwanira. Lapakati ndilo loyambira. Ubwino wake ndi woti wophunzira angathe kulosera ndi pensulo chimene chichitike asanasunthe ekiselo, kenaka nkuona ndi maso pamene masamu ndi thabwa zasiyana. Kumbukirani kuti mukasuntha ekiselo, gulaye ndi kamsomali muyambirenso. Chimodzimodzi mukasintha kampira.

Mawilo si okongoletsa. Amalola makina kuyenda pang'ono kutsogolo ndi kumbuyo kuti cholemera chigwe molunjika, ndipo amathandiza kwambiri pa makina a cholemera chomatidwa ku mkono. Pa awa, a bokosi lolendewera, phindu lake ndi lochepa poti bokosi limagwa kale mowongoka. Komabe asiyeni pamalo osalala. Choipa ndi makina opanda mawilo osapanidwa patebulo, amene amadumpha ndi kutukula miyendo yakumbuyo. Kudumpha kulikonse ndi mphamvu yobedwa kwa kampira.

Chomasulira cha setiyi ndi kachitsulo kosolola ndi chingwe chachifupi kwambiri, choika dzanja pafupi ndi njira ya mkono. Mangirirani chingwe cha mita imodzi ndipo muzikoka muli m'mbali. Kutsogolo ndi kumbuyo kwa trebuchet sikuima munthu, popeza yosakonzedwa imaponya mbali zonse ziwiri. Timipira tagalasi kapena tachitsulo tifuna magalasi oteteza maso ndi bwalo lopanda mazenera. Musaimasule yopanda kampira: mphamvu yonse imatsala mu mkono ndi m'bokosi, ndipo mabowo a ekiselo amakula msanga. Za m'nyumba, werengerani denga. Pa madigiri 45 kampira kamakwera gawo limodzi mwa anayi la mtunda wake, ndiye kuponya mamita 12 kufuna mamita 3 pamwamba pa pomasulira.

Amene ali ndi foni yojambula zithunzi 240 pa sekondi ali ndi chipangizo choyezera chabwino kuposa chilichonse cha m'bokosi. Imikani foni m'mbali, ikani rula kuseri kwa njira ya kampira. Pa mamita 10 pa sekondi kampira kamasuntha masentimita 4 pakati pa chithunzi ndi chinzake, ndipo kuchokera pamenepo mupeza liwiro ndi madigiri onyamukira mwachindunji. Ikani manambalawo mu R = v² × sin 2θ ÷ g, muyerekeze ndi tepi. Kusiyana kwake ndi ntchito ya mpweya ndi kutalika kwa pomasulira.

Ndi yoyenera ndani? Aphunzitsi a physics, ana a sekondale, ndi aliyense wokonda kukonza zinthu ndi manja. Kwa mwana wamng'ono wofuna kungoponya, makina a supuni ndi mphira amusangalatsa msanga, chifukwa trebuchet yosakonzedwa imatha kuponya kakhumi osapita kulikonse. Ofuna mtunda wautali asadzaze bokosi kupitirira kilogalamu imodzi ndi theka, matabwa ake sanapangidwire zimenezo. Njira yake ndi kukulitsa makina onse: mukawirikiza kawiri muyeso uliwonse, cholemera ndi kampira zimalemera kasanu ndi katatu, h amawirikiza kawiri, mtunda nawo kawiri. Trebuchet imene inaimikidwa ku Warwick Castle ku England mu 2005 inali yotalika mamita 18 ndi yolemera matani 22, ndipo mu 2006 inaponya mpira wa makilogalamu 13 mtunda wa mamita 249. Musanalipire, tsegulani bokosi muone ngati mkono uli ndi mabowo angapo a ekiselo ndiponso ngati kamsomali ndi kachitsulo kopindika. Maseti ena amakhala ndi bowo limodzi ndi kachikhomo kathabwa komatidwa, ndipo amenewo asiyeni pashelefu.